Mtsinje wa Lilongwe tikuuotcha pa mbaula

Ngati simunaimepo m'mbali mwa msewu wa ku Likuni cha m'ma 5 koloko m'mawa, mudzayese tsiku lina. Mudzaona njinga zikubwera mondondozana, iliyonse itasenza matumba atatu kapena anayi a makala omangidwa ndi malegeni. Eni ake pena sapalasa n'komwe, amangokankha, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Ambiri amakhala atanyamuka dzulo lake. Akuchokera ku Dzalanyama.

Loweruka lapitali ndinaimitsa mmodzi pageti pomwe ndimachita lendi.

"Achimwene, ndi a mtengo wanji amenewa?"

"Achilengedwe enieni, bwana. Tanyamulani muone kulemera kwake. Si zabulugamu zongothetheka zija ayi."

Ndinakondwa. Ndinanenerera mpaka anandichotserako, ndipo ndinadziona wochenjera. Tikutsitsa thumba lija anandipempha madzi akumwa. Ndinatsegula mpopi wa panja, ndinatunga m'kapu, anamwa kawiri n'kuthokoza. Atapita m'pamene zinandifika m'mutu: thumba ndi madzi a m'kapu aja zachokera kumodzi. China chabwera pa njinga, china m'paipi. Ndipo chimene ndinalipira mwansangala, cha pa njingacho, ndi chimene chikupha chinzake.

Ine ndi uja amene ndimalemba pa Facebook kuti anthu akumudzi akutha nkhalango. Digiri ndili nayo. Mawu akuluakulu a zachilengedwe ndimawadziwa, ena ndinakhoza nawo mayeso. Ndiye lero sindikulalikira ndili pa chulu ayi. Ndikunena za ine ndi inu amene mukuwerenga izi pafoni, mwina poto ali pa mbaula pomwepo. Mfundo yanga ndi iyi: madzi a mzinda uno amapangidwa kumtunda, koma ndalama zathu, nzeru zathu ndi mkwiyo wathu zonse timazithera kumunsi. Kumtunda timangotumizako asilikali ndi zitonzo.

Dzalanyama ndi mtandadza wa mapiri umene uli m'malire a Malawi ndi Mozambique, kumwera chakumadzulo kwa Lilongwe. Atsamunda adaikhazikitsa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, Lilongwe ali kaboma kakang'ono chabe, likulu lili ku Zomba. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 989,000 mumzinda wa Lilongwe. Gawani nokha: hekitala imodzi, malo okulirapo pang'ono kuposa bwalo la mpira, pa anthu khumi alionse. Umenewo ndiwo munda wanu wa madzi, inu ndi anzanu asanu ndi anayi. Komanso si nkhalango yonse imene imathira mumtsinje wa Lilongwe, mbali ina imatsikira ku Diamphwe. Kuchokera 2018 anthu tachuluka, mitengo yachepa.

Kuchokera m'mapiri amenewo mtsinje umatsika n'kukalowa m'madamu awiri cha ku Malingunde, Kamuzu Dam I ya 1966 ndi Kamuzu Dam II ya 1989, kenaka n'kufika mumzinda komwe amautunga, kuusefa ndi kuutumiza m'mapaipi. Basi. Ulendo wa madzi a mu shawa yanu ndi umenewo.

Tsono pali chinthu chimene kusukulu sadatifotokozere bwino. Ankangoti mitengo imabweretsa mvula, ife n'kuloweza. Nkhani yeniyeni si imeneyo. Kuno mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenaka miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri kumwamba kuli mbee. Nanga madzi amene amayenda mumtsinje mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amachokera kuti? Ndi mvula ya mu Febuluwale imene idalowa pansi. Pamene pali nkhalango, dontho limayamba lagunda masamba, n'kugwera pa zinyalala zowola, n'kutsata mabowo a mizu ndi a chiswe mpaka pansi. Kumeneko limayenda pang'onopang'ono, n'kudzatulukira padambo kapena pakasupe patapita miyezi. Phiri ndi nkhokwe. Limalandira nthawi yokolola, n'kumatigawira pang'onopang'ono nthawi ya chilimwe.

Ndisakunamizeni, mtengo nawo umamwa madzi. Amene adabzalapo bulugamu m'mphepete mwa dambo akudziwa zimene zidachitikira chitsime chawo. Nkhalango sikuti imachulukitsa madzi onse a pachaka. Ntchito yake ndi kuwachedwetsa ndi kugwira dothi. Mukadula, kutentha uvuni pomwepo, moto wolusa n'kudutsa chaka ndi chaka, nthaka imauma gwa ngati simenti. Mvula yomwe ija ikagwa imathamanga tsiku limodzi, yofiira, itanyamula dothi. Mu Januwale mtsinje ukusefukira m'nyumba za anthu, mu Okutobala ana akuoloka osavula nsapato. Madzi ake ndi omwewo, kungoti abwera onse pakamodzi, nthawi imene sitikuwafuna.

Dothi lija silisowa kopita. Limakakhazikika pansi pa damu. Damu likamaoneka lodzaza pachithunzi, dziwani kuti gawo lina ndi matope. Madzi amatope amafunanso mankhwala ambiri kuti ayere, ndipo mankhwalawo timagula kunja ndi ndalama zakunja zimene tilibe. Amene munali mu Lilongwe mu 2016 mukukumbukira madzi akugawidwa mosinthana madera, madamu atatsika kutsatira chilala, anthu akudzuka usiku kutchera zigubu. M'zaka zapitazi khoma la damu loyamba lija analikweza kuti lizisunga madzi ambiri. Zabwino, sindikutsutsa. Koma kukuza nkhokwe munda ukukokoloka si ulimi.

Ndiye tachitapo chiyani kumtunda? Mu 2015 boma lidatumiza asilikali ku Dzalanyama, Lilongwe Water Board n'kumathandiza kulipira. A ku Japan, kudzera ku JICA, adagwirako ntchito zaka zingapo. Mu 2020 aphungu adakhwimitsa lamulo la nkhalango, zilango n'kukwera. Onse amene adagwira ntchito zimenezi ndi mtima woona ndikuwavulira chipewa. Koma pitani pamsewu wa ku Likuni mawa m'mawa mukawerenge njinga.

Sizingathe ndi mfuti chifukwa vuto silili kunkhalango. Lili kukhitchini kwathu. M'dziko muno mabanja oposa 90 pa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo makala ndi a ife a m'tauni. Wakumudzi amatola nkhuni. Munthu sadula mtengo, kuusanja, kuukwirira, kuulondera masiku angapo ukufuka, kenaka n'kukankha njinga usiku wonse chifukwa choti amadana ndi chilengedwe. Amatero chifukwa pageti lina ku Area 36 kapena ku Chinsapo pali bwana wa digiri amene akufuna makala olemera. Lamulo limati kuotcha makala popanda chilolezo ndi mlandu. Chabwino. Nanga makala a mumsika uliwonse mumzinda muno, oyalidwa masanasana, ndi angati ali ndi chilolezo? Tonse tikudya nawo mlanduwu katatu patsiku, koma womangidwa ndi mmodzi: wa njinga. Iye ndiye amalandidwa katundu, kulandidwa njinga, pena kulawa chikoti. Malole odzaza mpaka pamwamba, okutidwa ndi tenti, amadutsa bwanji m'marodibuloko onse aja? Musandiyankhe, tonse tikudziwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Wina anena kuti: nanga tiphikire chiyani, magetsi akuzimazima, gasi ndi wodula? Funso labwino, ndipo likutibweza kumtsinje komweko. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Mitsinje imene imathira mu Shire ikuchokera m'mapiri ometedwa, ndiye imabweretsa matope ndi zinyalala zimene zimatseka makina, EGENCO n'kumakhalira kukumba matope m'malo mopanga magetsi. Mu Januwale 2022 madzi osefukira a namondwe Ana adagumula pa Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka pakamodzi kwa nthawi yoposa chaka. Namondwe sitingamuletse. Koma taonani mmene chingwechi chimazungulirira: magetsi akazima timathamangira makala, makala akayenda malonda mapiri amayera, mapiri akayera matope amatsika, magetsi n'kuzimanso. Galu akudziluma mchira.

Tsopano tifike pa yankho limene akuluakulu amalikonda: paipi yochokera kunyanja. Kutunga madzi ku Salima n'kuwapopa makilomita pafupifupi 120 mpaka ku Lilongwe. Mtengo umene udatchulidwa poyamba unali madola 500 miliyoni. Mwina tsiku lina mzindawu udzaifunadi paipiyo, anthu tikuchuluka, sindikana. Chimene chimandipweteka ndi maganizo amene ali kuseri kwake: akuti Dzalanyama yatha basi, tiyeni tisamukire kwina. Ngati mwamuna amene walephera kusamala banja ndiye akufunsira mbeta ina.

Nyanja ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Lilongwe ali pamwamba pa mamita 1,000. Madzi a ku Dzalanyama amatsika okha, mwaulere, usiku ndi usana. A kunyanja adzafunika kuwakankha chokwera mamita oposa 500, lita iliyonse, tsiku lililonse, mpaka kalekale, ndi magetsi omwe aja a pa Shire. Choseketsa n'chakuti mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja m'boma la Salima lomwelo. Ndiye kuti madzi amene tawalola kuthawa m'phiri tsiku limodzi mu Januwale tidzawatsatira kunyanja ndi ngongole, n'kuwabweza chokwera.

Amene akufuna kuona mathero a njira imeneyi apite ku Blantyre. Damu la Mudi limadalira phiri la Ndirande. Nkhalango ya Ndirande idatha m'zaka za m'ma 1990, anthu akuonerera, ndipo damu lakhala likulandira matope kuyambira pamenepo. Madzi ambiri a mzindawu amachokera ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kuwakweza mamita pafupifupi 800. Ngongole ya magetsi opopera madziwo ndi goli limene bungwe la madzi kumeneko lakhala likulira nalo zaka ndi zaka, ndipo magetsi akangozima mipopi ya kumtunda imauma. Ludzu litakula adaloza ku Mulanje, kukatunga mumtsinje wa Likhubula. Anthu a ku Mulanje adakwiya, adachita zionetsero, ankafuna kuti phiri liyambe labwezeretsedwa mitengo komanso kuti nawo aone phindu. Ambiri m'tauni tidawatcha odana ndi chitukuko. Ine lero ndikuti anthu aja adafunsa funso lolondola kuposa onse amene adavala masuti pa nkhaniyi: mukutenga, nanga mukusiya chiyani?

Komanso tisadzinamize kuti nyanja ndi chitsime chopanda pansi. Nyanja nayo ili ndi kumtunda kwake. Imadalira mvula yogwera pamwamba pake ndi mitsinje: Linthipe, Bua, Dwangwa, Rukuru onse awiri ochokera kumpoto, Songwe wa m'malire, ndi waukulu kuposa yonse, Ruhuhu, amene ali ku Tanzania. Inde, mtsinje umene umathira madzi ambiri m'nyanja imene timaitcha yathu suli m'dziko muno. Madzi ambiri a m'nyanjayi amauluka ndi dzuwa, otuluka pa Shire ndi ochepa chabe, kotero nyanja ikatsika pang'ono Shire ndiye amayamba kumva. Zidachitikapo. Pakati pa 1915 ndi 1935 Shire adaleka kutuluka m'nyanja. Nthawi imeneyo kunalibe Nkula, kunalibe Walker's Ferry, kunalibe minda ya nzimbe ku Nchalo. Ziganizireni zitachitika lero. Ndipo ife amene timadalira mapiri a ku Tanzania, enanso akudalira athu: Ruo akuchoka m'phiri la Mulanje n'kukhala malire ndi Mozambique, Shire n'kukathira mu Zambezi. Matope athu ndi madzi athu osefukira amakafika kwa eni ake amene sadadule mtengo ndi umodzi womwe kuno. Aliyense ali kumunsi kwa wina. Timakangana za mzere wa malire pakati pa nyanja, koma sindinamvepo tikukangana ndi mphamvu yomweyo za amene akusamala mapiri odzaza nyanjayo.

Ndiye ndikufuna chiyani? Ndikufuna tilipire. Mawu oipa, ndikudziwa, makamaka mwezi uno. Koma tamverani.

Abale athu amene ali ku Joni akumwa madzi a ku Lesotho. Mayiko awiriwa adasainirana pangano mu 1986, damu la Katse lidamangidwa m'mapiri, madzi amadutsa m'ngalande za pansi pa mapiri kupita ku Gauteng, ndipo South Africa imalipira Lesotho chifukwa cha madziwo. Ku Kenya, kuyambira 2015 kuli thumba la ndalama limene makampani ndi mabungwe a ku Nairobi amaponyamo kuti lithandize alimi a kumtunda kwa mtsinje wa Tana kuteteza nthaka m'minda yawo, poti madzi a mzindawo amachokera kumeneko. Sikuti kumeneko kuli angelo. Ku Lesotho kudali katangale mpaka mkulu wa ntchitoyo adakalowa kundende, ndipo midzi imene idasamutsidwa ikudandaulabe. Koma mfundo yake adaivomereza: wosunga gwero ndi wantchito, ndipo wantchito amalipidwa.

Kuno wosunga gwero timamutcha wakuba. Mayi wa m'mudzi wa m'mphepete mwa Dzalanyama timamuuza kuti asalime m'dambo, asadule mtengo, azimitse moto, kuti ine ndisambe m'tauni. Iyeyo akutunga pa mjigo, ukafa akutunga pachitsime chosatetezedwa. Wapindulanji? Mtengo uli chiimire sumupatsa kanthu. Ukagwa umamupatsa fizi ya mwana. Inu mukadasankha chiyani? Tisamanamizire umbuli pamene pali masamu osavuta.

Pa bilu iliyonse ya madzi pakhale mzere wooneka ndi maso, wolembedwa kuti ndalama iyi ikupita kumtunda. Makampani a zakumwa, mahotela ndi onse amene amamwa madzi ambiri alipire zochulukirapo. Ndalamayo isalowe m'thumba lalikulu la boma momwe zinthu zimalowa osatulukanso. Ipite ku midzi yozungulira nkhalango, molingana ndi zimene zaoneka: dera limene silinapse chaka chino, limene zitsa zake zaphukira, lilandire. Masiku ano zithunzi za setilaiti aliyense akhoza kuziona pafoni, palibe chobisika. Anyamata omwe akuotcha makalawo ndiwo amaidziwa nkhalango kuposa wina aliyense, njira zake zonse ndi malo amene uvuni umabisika. Alembeni ntchito yolondera ndi kulambula njira zotchinga moto, pa malipiro oposa a thumba la makala. Ndipo pa ngongole iliyonse imene titenge ya damu kapena paipi, gawo lake lilembedwe kuti ndi la gwero, lisanagulidwe galimoto ndi limodzi lomwe la pulojekiti.

Mukuti ndalamayo idzadyedwa. Mwina. Ndiye tiziyang'anira, tizifunsa, tizichita phokoso ngati limene timachita mpopi ukauma masiku awiri. Kuopa wakuba sikunaletsepo munthu kulima. Mukuti bilu yakwera kale. Zoona. Koma mukulipira kale mtengo wa nkhalango yakufa: m'mankhwala osefera matope, m'zigubu zogula pa kiyosiki, m'ngongole ya paipi imene ana anu adzabweze. Ndipo amene amalipira kwambiri pa ndowa imodzi si wa ku Area 10 ayi, ndi wa ku Mtandire ndi ku Mgona amene alibe mpopi pakhomo.

Chimodzi chokha ndikupempha: tisiye chinyengo cha dzinja lililonse. Nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala timaona bwana wavala magambutsi atsopano, wagwira kambande, wina akumugwirira ambulera, makamera ali tcheru. Amalengeza mamiliyoni a mitengo yobzalidwa. Bwererani pamalopo mu Seputembala mukaone mbuzi zikutsuka mkamwa. Sindinamvepo mwambo wowerenga mitengo imene yapulumuka. Pamene chodabwitsa cha nkhalango yathu yachilengedwe n'chakuti simafuna kubzalidwa kwenikweni. Mombo, msuku, muwanga, ukaudula chitsa chimakhala chamoyo, mizu yake ili pansi kale, yakuya kuposa ya mbande iliyonse ya m'chubu. Ukangochiteteza ku moto, ku mbuzi ndi ku nkhwangwa yachiwiri, chimaphukira chokha. Ntchito yake ndi yotopetsa, ya chaka chonse, yopanda riboni yodula. Mwina n'chifukwa chake ilibe mwini.

Za kukhitchini nazo zili pa ife. Boma lichite mbali yake kuti gasi ndi zophikira za magetsi zitsike mtengo, ndipo makala olimidwa mwalamulo apezeke pamsika osati m'malipoti mokha. Koma pali ambiri a ife amene tikhoza kusintha lero ndipo sitikufuna, ati nyemba za pa gasi sizikoma. Foni ya mtengo wa masilinda atatu ili m'manja. Bandulo sitiphonya.

Ine ndakafunsa mtengo wa silinda yaing'ono Lolemba. Ndinatuluka m'sitolomo mwakachetechete ngati ndaiwala chikwama. Ndawerengera kuti ndikadumpha zina ndi zina ndikhoza kuigula mwezi wa mawa ukatha, ndipo ndikudziwa kuti ndikadzatero achimwene aja adzataya kasitomala mmodzi popanda wowapatsa china chochita. Thumba lija latsala theka. Anati adzadutsanso Loweruka.